MATTHEW MAURY, WOFUFUZA NJIRA ZA PANYANJA

Ife a ku Kafue tikhala kutali ndi nyanja ya mcere, ndipo ambiri a ife sitidzaiona konse. Koma mvula imene igwa m'minda mwathu icokera komweko. Cifukwa cace nkoyenera timve za munthu amene anasonkhanitsa mbiri ya mphepo ndi madzi a nyanjazo.

Matthew Fontaine Maury anabadwa pa 14 January 1806 ku Virginia, m'dziko la America, nakulira pa munda wa atate wace ku Tennessee. Analowa nchito ya zombo za nkhondo mu 1825, nazungulira dziko lonse lapansi m'combo cochedwa Vincennes. Koma mu 1839 gareta wa akavalo anagubuduka naye, mwendo unathyoka, ndipo maulendo ace a panyanja anathera pomwepo.

Mu 1842 anamuika woyang'anira nyumba yosungiramo mapu ku Washington. M'menemo anapeza mabuku akale a amalinyero ali mbwee, fumbi lokhalokha. M'mabukumo akapitao analemba tsiku ndi tsiku pamene combo cinali, kumene mphepo inacokera, ndi kumene madzi anacikokera. Maury ndi omthandiza anawawerenga, naika pamodzi zonse zonena za malo amodzi pa mwezi umodzi, monga mfumu ifunsa alenje ambiri za dambo limodzi isanatume anthu kumeneko. Mapu ace oyamba anaturuka mu 1847. Caka cotsatira kapitao wina anawatsata kucokera ku Baltimore kunka ku Rio de Janeiro, nafika atayenda masiku 38, pamene anzace anali kutha 55. Mapuwo anawapereka kwaulere kwa yense wolonjeza kumtumizira zolemba za ulendo wace. Mu 1853 nthumwi za maiko zinakomana ku Brussels, nizipangana kuti zombo zao zizilemba mofanana. Buku lace lalikuru la za nyanja linasindikizidwa mu 1855, caka comwe David Livingstone anaoloka mtsinje wathu wa Kafue.

Tsono pali cina cimene sitingabise, makamaka ife amene makolo athu anamangidwa m'magoli. Maury sanatsutse ukapolo. Anafuna ngakhale kuti akapolo a ku America atumizidwe kukalima ku Amazon. Nkhondo ya paciweniweni itabuka mu 1861, anasiya nchito yace natumikira mbali yosunga akapolo, nawakonzera mabomba a m'madzi. Anamwalira pa 1 February 1873 ku Lexington, miyezi itatu Livingstone asanafe kwa Chitambo. Cifanizo cace ku Richmond anacicotsa mu 2020.

Zolemba zimene anasonkhanitsa zikali kugwira nchito. Akatswiri anazilowetsa m'makompyuta pamodzi ndi za zombo zina zambirimbiri. Kompyuta aiphunzitsa malamulo a kayendedwe ka madzi ndi mphepo: pamene panadutsa combo, itsata cimene malinyero analemba, pamene sipanadutse munthu, iwerengera yokha ndi kudzaza mpata. Potero adziwa mmene nyanja zinatenthera ndi kuzizirira zaka zoposa 150 zapitazo, naonanso kuti madzi a kum'mawa kwa Pacific akatentha, nyengo imene aicha El Niño, kawirikawiri mvula icepa kwathu kuno. Zinatero mu 1992, zinateronso mu 2024, pamene cimanga cinafota cisanabereke ndipo magetsi a ku Kariba ndi ku Kafue Gorge anacepa.