Mário Wilson ndi timu ya ana a sukulu

Ambiri kuno ku Ulongwe timadziwa Eusébio. Nanga Mário Wilson mudamumvapo?

Iyeyu adabadwa mu 1929 ku Lourenço Marques, komwe lero timati Maputo. Mu 1949 adapita ku Portugal kukasewera mpira ku Sporting. Mu 1951 adalowa Académica, timu ya ophunzira a yunivesite ya Coimbra, yomwe imabvala zakuda. Adaseweramo zaka 12 kumbuyo, nakhala kapitawo. Atasiya kusewera, adayamba kuiphunzitsa timuyo.

Nchito yace sidali yophweka. Matimu akuluakulu adali ndi ndalama zogulira akatswiri, pomwe anyamata ace ambiri amagawa nthawi, kwina mabuku kwina mpira. Komabe mu nyengo ya 1966/67 Académica idathera pa nambala 2, kumbuyo kwa Benfica ya Eusébio. Idafikanso fainolo ya Taça de Portugal, koma Vitória de Setúbal idapambana 3-2 m'nthawi yoonjezera. Cikho cidapulumuka pakamwa!

Wilson sadagwe mphwayi. Mu 1976 adatenga ligi ndi Benfica, kenaka adaphunzitsa timu ya dziko la Portugal. Adamwalira mu 2016.