Ishiro Honda: Msilikali Amene Anapanga Godzilla

Ambiri amene amaonerera mafilimu a Godzilla pa DVD m'nyumba zao amangoona cirombo cikugumula nyumba mu mzinda wa Tokyo. Koma malemu Ishiro Honda, amene anatsogolera nchito yopanga filimu yoyamba ya cirombo cimeneci mu 1954, colinga cao cinali kucenjeza anthu za kuopsa kwa mabomba a nyukiliya.

A Honda anabadwa pa 7 May 1911 m'cigawo ca Yamagata ku Japan, ndipo atate ao anali ansembe a cipembedzo ca Cibuda. Anaphunzira za mafilimu pa Nihon University, kenaka analowa nchito ku kampani ya PCL, imene pambuyo pake inakhala Toho. Kumeneko ndi kumene anapalana ubwenzi ndi a Akira Kurosawa.

Nkhondo inadodometsa nchito yao. Boma linawaitana katatu ku usilikali, ndipo nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, anakhala mkaidi ku China. Pobwerera kwao mu 1946 anadutsa ku Hiroshima, mzinda umene bomba linasandutsa bwinja. Zimenezi sizinacoke mumtima mwao.

Pa 1 March 1954, dziko la America linaphulitsa bomba loyesera pa zisumbu za Bikini. Phulusa lake lapoizoni linagwera asodzi 23 a ku Japan amene anali m'bwato la Daigo Fukuryu Maru. Iwo anadwala, ndipo mmodzi anamwalira mu September. N'cifukwa cake filimu ya a Honda imayamba ndi zombo zikupsa panyanja, ndipo cirombo comwe cimadzutsidwa ndi mabomba oyesera. Muli cithunzi ca mai akufungatira ana ake pakati pa moto, ndiponso cipatala codzaza ndi ovulala.

Panthawiyo kunalibe makompyuta opangira zithunzi. Katswiri Eiji Tsuburaya anamanga tinyumba tofanana ndi nyumba za ku Tokyo, ndipo a Haruo Nakajima anatipondereza atavala covala ca cirombo colemera makilogalamu pafupifupi 100. Filimuyi inatuluka pa 3 November 1954, ndipo anthu oposa 9 miliyoni anaionerera ku Japan.

Koma itafika ku America mu 1956, amalonda anadulamo mbali zambiri zonena za bomba, naikamo zithunzi zatsopano za a Raymond Burr. Imeneyi ndiyo inafalikira m'maiko ambiri, moti a Honda anadziwika ngati munthu wa mafilimu osangalatsa ana cabe. Iwo anapitiriza ndi Rodan mu 1956, Mothra mu 1961, mpaka Terror of Mechagodzilla mu 1975. Pambuyo pake anathandiza a Kurosawa kupanga Kagemusha mu 1980 ndi Ran mu 1985.

A Honda anamwalira ku Tokyo pa 28 February 1993 ali ndi zaka 81. Panapita zaka 13 kuti filimu yao yosadulidwa ituluke pa DVD ku America, pamene kampani ya Classic Media inaitulutsa mu 2006. Mu 2019 kampani ya Criterion inasonkhanitsa pa Blu-ray mafilimu 15 a Godzilla a zaka za 1954 mpaka 1975, ndipo 8 mwa amenewa anatsogolera ndi a Honda. Lero amene wagula filimu ya 1954 amaona cenjezo lonse monga mmene mwini wake analikonzera.