Mbale Desmond Doss (1919–2006): Msilikali Amene Sanagwire Mfuti

Ambiri a ife tinamva dzina la Mbale Desmond Doss kudzera mu filimu ya Hacksaw Ridge imene inatuluka mu 2016, ndipo acinyamata athu a Pathfinder amaidziwa pamtima nkhani ya pa phiri la ku Okinawa. Koma filimuyo imatha a Doss ali ndi zaka 26 cabe. Pambuyo pake anakhalanso ndi moyo zaka zina 60, zambiri mwa izo ali ndi phapo limodzi, zina osamva ngakhale kulira kwa tambala. M'buku lino lokumbukira zaka 50 za mpingo, taona kuti n'koyenera kulemba moyo wao wonse, osati masabata atatu a ku Okinawa okha.

Desmond Thomas Doss anabadwa pa 7 February 1919 mu tauni ya Lynchburg, m'cigawo ca Virginia ku America. Atate ake, a William, anali kalipentala. Amai ake, a Bertha, anali kugwira nchito pa fakitale ya nsapato ndipo ndi amene analera anawo m'cikhulupiriro ca Adventist. Ana anali atatu: Audrey, Desmond ndi Harold. Pa khoma la nyumba yao panali cithunzi ca Malamulo Khumi, ndipo pa lamulo lacisanu ndi cimodzi anajambulapo Kaini ataimirira pa mtembo wa Abele. Mnyamatayo anali kuciyang'anitsitsa cithunzico, osamvetsa kuti munthu angaphe bwanji mng'ono wake. Sukulu anaphunzira ya mpingo mpaka giredi 8, nasiya kuti akagwire nchito pa kampani ya matabwa, pakuti inali nthawi ya umphawi waukulu m'dziko lonse la America.

Pamene America inalowa m'Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse kumapeto kwa 1941, a Doss anali kugwira nchito yaukalipentala pamalo opangira zombo ku Newport News. Nchito imeneyo ikanawapatsa mpata wosapita kunkhondo, koma iwo sanaufune mpatawo, ndipo pa 1 April 1942 anavala yunifomu. Anapita ndi mfundo ziwiri zimene sanazibise: sadzagwira mfuti, ndipo adzasunga Sabata. Anapempha nchito yothandiza ovulala. Dzina limene boma linali kupatsa anthu otere, lakuti okana nkhondo cifukwa ca cikumbumtima, silinawakondweretse, pakuti iwo sanali kukana kutumikira dziko lao. Sanaweruzenso anzao onyamula mfuti. Mng'ono wao Harold anali msilikali wa pamadzi.

Pa 17 August caka comweco anakwatira a Dorothy Schutte ku Richmond, ndipo amaiwo anawapatsa Baibulo laling'ono lokwana m'thumba la malaya.

Zaka ziwiri za maphunziro a usilikali zinali zowawa, ndipo zowawazo zinacokera kwa anzao a m'gulu limodzi. Akagwada pambali pa bedi kuti apemphere, ena anali kuwagenda ndi nsapato. Loweruka lililonse linali mlandu, cifukwa anzao anaona ngati akuzemba nchito, ngakhale kuti Lamlungu a Doss anali kugwira ena akupumula. Akuluakulu anayesa kuwacotsa m'gulu ponena kuti mutu wao suyenda bwino. A Doss anakana kuvomereza kuti cikhulupiriro cao ndi misala, ndipo nkhaniyo inafera pomwepo. Kaputeni wao, a Jack Glover, nawonso anayesetsa kuti awasamutsire kwina. Patsogolo pake a Glover omwewo anavulala ku Okinawa, ndipo amene anakwawa kukawathandiza anali munthu yemwe sanamufuneyo.

Gulu lao, la 77th Infantry Division, linatumizidwa kukamenyana ndi Japan, mdani yemweyo amene makolo athu a Northern Rhodesia Regiment anakumana naye ku Burma. Mu 1944 a Doss anali ku Guam ndi ku Leyte, kumene analandira mendulo ya Bronze Star kawiri cifukwa cotola ovulala zipolopolo zikugwa. Pofika nthawi imeneyo kunyozedwa kuja kunali kutatha. Pa za Sabata anali ndi maganizo omveka: kugubira perete kapena kusesa kampu sakanacita, koma kumanga bala la munthu anali kucita tsiku lililonse, popeza Ambuye Yesu anaciritsa odwala pa Sabata.

Kumapeto kwa April 1945 anafika pa phiri la Maeda, pa cisumbu ca Okinawa, lotalika mamita pafupifupi 120. Kumtunda kwake kuli thanthwe loima cilili limene asilikali anali kukwera ndi maukonde a zingwe, ndipo mkati mwa phirilo adani anali atakumba mapanga. Tsiku lina m'masiku oyamba a May, gulu lao litafika pamwamba, linathiridwa moto woopsa, ndipo amene anali ndi miyendo anathawira pansi. A Doss anatsala. Munthu wocepa thupi ameneyu anali kukoka ovulala mmodzimmodzi mpaka m'mphepete mwa thanthwe, n'kuwamanga ndi mfundo ya magoli awiri imene anaiphunzira ku kampu, n'kukulunga cingwe pa citsa ca mtengo, n'kuwatsitsa pang'onopang'ono. Akatsitsa mmodzi anali kupempha Mulungu kuti awathandize kupezanso wina. Akuluakulu anawerengera kuti anapulumutsa anthu 100. Iwo anati sakanapitirira 50. Cikalata ca boma cinalemba 75, pakati pa ziwerengero ziwirizo.

Usiku wa pa 21 May bomba la m'manja linawavulaza miyendo. Anadzimanga okha mabala nadikira maola asanu, osafuna kuitana mnzao kuti aturuke pobisala. Onyamula macila atafika n'kuyamba ulendo, a Doss anaona msilikali wina wovulala koposa, natsika pa macila kuti anyamulidwe iyeyo. Akudikira, cipolopolo cinawathyola mkono wakumanzere. Anamangirira cipika ca mfuti yothyoka ku mkonowo kuti ukhale nji, nakwawa mtunda wa mayadi 300 kufika kwa madokotala. Baibulo la a Dorothy linatayika m'cipwirikitico, koma anzao aja anabwerera kukalifunafuna, nalipeza, nalitumiza kwao. Pa 12 October 1945 Pulezidenti Harry Truman anawaveka Medal of Honor, mendulo yaikulu koposa ya asilikali a America. Anali munthu woyamba wokana kugwira mfuti kuilandira.

Apa m'pamene ofotokoza ambiri amalekezera, koma apa m'pamenenso banja la a Doss linayamba kusenza katundu wake weniweni. Mu 1946, caka cimene mwana wao yekhayo, Desmond wamng'ono, wochedwa Tommy, anabadwa, madokotala anapeza kuti a Doss ali ndi cifuwa cacikulu ca TB cimene anacitenga ku Leyte. Anakhala akulandira cithandizo zaka zisanu ndi theka. Anawacotsa phapo limodzi ndi nthiti zisanu. Pamene anaturuka m'cipatala mu August 1951, boma linawalemba kuti ndi olumala ndi 90 peresenti, ndipo mwana uja anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka zisanu. Amene anadwazikapo matenda amenewa akudziwa kuti tate wa TB sangafungatire khanda mmene angafunire. Kalipentala wa manja aluso uja sanathenso kugwira nchito ya tsiku lonse.

Filimu ija imaonetsa a Dorothy ali kale nesi pamene anakumana ndi a Doss. Zoona zake n'zakuti unesi anauphunzira nkhondo itatha, cifukwa pakhomo panafunika wina wobweretsa malipiro. Kunena zoona, mendulo inavekedwa munthu mmodzi, koma mtengo wake analipira anthu awiri. Banjali linakhazikika pa kamunda kakang'ono ku Rising Fawn, m'cigawo ca Georgia, kumene a Doss anali kulima ndiwo ndi zipatso ndi kupala matabwa thupi likalola. Opanga mafilimu anawatsata kwa zaka zambiri, ndipo ndalamazo zikanathandiza ndithu, koma iwo anakana poopa kuti nkhani idzapotozedwa ndipo ulemu udzapita kwa munthu m'malo mwa Mulungu. Kumene sanali kukana ndi kukalankhula kwa acinyamata a mpingo ndi kuwaonetsa kamangidwe ka mfundo ija.

Mankhwala amphamvu amene anapatsidwa pa matenda ao anaononga makutu, ndipo mu 1976 anagonthera kotheratu. Taganizirani munthu amene anamenyera ufulu wopita ku chalichi Loweruka lililonse, tsopano akukhala pa benchi osamva nyimbo kapena ulaliki. Anakhala conco zaka 12. Kunyumba a Dorothy anali kuwalembera papepala zimene anthu akunena. Mu 1988 madokotala anawaika kacipangizo kothandiza kumva mkati mwa khutu, ndipo anamvanso mau a mkazi wao.

Anawamva zaka zitatu zokha. A Dorothy anadwala khansa, ndipo pa 17 November 1991, a Doss akuwapereka kucipatala, galimoto imene anali kuyendetsa inacita ngozi ndipo amaiwo anamwalira. Munthu amene anatsitsa amuna 75 pa thanthwe sanathe kupulumutsa mkazi wake pa mseu wa kwao. Anakhala m'banja zaka 49 ndi miyezi itatu; kunatsala miyezi isanu ndi inai kuti acite cikondwerero ca zaka 50.

Pa 1 July 1993 anakwatira a Frances Duman, mai wamasiye wokhala ndi ana akuluakulu atatu, amene pambuyo pake analemba buku la moyo wa amuna ao. Ali okalamba anavomera kuti Terry Benedict, wa Adventist mnzao, ajambule filimu yofotokoza zoona zokhazokha, The Conscientious Objector, imene inatuluka mu 2004. M'filimuyo a Glover ndi asilikali ena okalamba anafotokoza okha mmene anawanyozera poyamba ndi mmene anawapulumutsira.

M'zaka zomaliza kupuma kunali kuwavuta. Anamwalira pa 23 March 2006 kunyumba kwao ku Piedmont, m'cigawo ca Alabama, ali ndi zaka 87. Anaikidwa pa 3 April m'manda a asilikali ku Chattanooga, m'cigawo ca Tennessee. A Frances anawatsatira mu 2009.