Benjamin Franklin ndi Kabuku Kake ka Madontho

Benjamin Franklin adabadwira ku Boston, m'dziko la America, m'chaka cha 1706. Sukulu adalekeza ali ndi zaka 10 zokha, koma mabuku sadawataye. Ankawerenga usiku akaweruka kuntchito yosindikiza kwa mkulu wake James.

Atakhazikika ku Philadelphia, adalemba m'kabuku makhalidwe 13 ofuna kuwazolowera, monga kudya mosapyola muyeso, kusalongolola ndi kudzichepetsa. Sabata iliyonse ankalimbikira khalidwe limodzi, ndipo madzulo ankaika kadontho kakuda paliponse pamene waphonya. Madonthowo adachuluka mpaka mwini wake kudabwa.

Chidamusautsa koposa n'chooneka chaching'ono: kuika chinthu chilichonse pamalo pake. Taganizani, munthu amene adasaina nawo chikalata cha ufulu wa America mu 1776, kukanika kulongosola mapepala ake mpaka kukalamba! Komabe kabukuko ankayenda nako. Adamwalira mu 1790, ali ndi zaka 84.