ANDREW CARNEGIE, MNYAMATA WOBWEREKA MABUKU

M'mizinda yambiri ya pa dziko lapansi muli nyumba za mabuku. M'nyumba yotere munthu ali yense, wolemera kapena wosauka, akhoza kulowa, nakhala pansi, nawerenga. Ndipo akafuna, abwereka buku napita nalo kwao wosalipira kanthu. Nyumba imeneyi ichedwa laibulale. Tsono mzinda ukakula kwambiri, laibulale imodzi siikwanira, pakuti anthu okhala kutali sangathe kufikako ataweruka ku nchito. Cifukwa cace amamanga zina zazing'ono m'madera a mzindawo, ndipo zimenezi zichedwa nthambi. Lero tiwerenga mbiri ya munthu amene anamangitsa nyumba za mabuku zoposa 2,500, ngakhale kuti iye mwini anakhala pa sukulu zaka zowerengeka zokha.

Dzina lace ndiye Andrew Carnegie. Anabadwa pa 25 November m'caka ca 1835 m'mzinda wa Dunfermline ku Scotland, dziko lomwe lija anabadwirako David Livingstone. Atate ace, William Carnegie, anali mmisiri woomba nsalu ndi manja, ndipo analikugwira nchito yao m'nyumba yomweyo imene analikugonamo. Anali osauka, koma anali okonda kuwerenga. Iwo pamodzi ndi anzao ena oomba nsalu anasonkhanitsa mabuku ocepa amene anali nao, nayamba kubwereketsa anthu a m'mzindamo.

Andrew anayamba sukulu ali ndi zaka 8. Koma masiku amenewo kunafika makina oyenda ndi nthunzi amene analikuomba nsalu zambiri msanga ndi pa mtengo wocepa. Anthu analeka kugula nsalu zoombedwa ndi manja, ndipo nchito ya atate ace inatha. Amai ace, Margaret, anatsegula kasitolo kakang'ono, nayambanso kusoka nsapato kuti ana apeze cakudya. Pomaliza anaona kuti ku Scotland sangathe kukhalanso. M'caka ca 1848 anagulitsa katundu wao, nakongola mapaundi 20 kwa bwenzi la amai, nakwera ngalawa kunka ku America. Anakakhala ku Allegheny, tsidya lina la mtsinje pandunji pa mzinda wa Pittsburgh.

Kumeneko Andrew sanabwererenso ku sukulu. Ali ndi zaka ngati 13 analowa nchito m'fakitale ya thonje, monga anacitiranso Livingstone pa ubwana wace. Nchito yace inali yosintha timitengo tokulungirapo ulusi pa makina. Analikuyamba kusanace, naweruka kutada, maola 12 pa tsiku, masiku 6 pa sabata, ndipo malipiro ace anali dola imodzi ndi masenti 20 pa sabata. Pambuyo pace anapeza nchito yina yosonkhezera moto pansi pa cimphika ca nthunzi m'cipinda ca pansi pa nthaka. Nchito imeneyi inamuopsa kwambiri, kotero kuti usiku analikudzidzimuka kutulo poganiza kuti cimphikaco ciphulika.

Mwai wace unayamba pamene analembedwa nchito yopereka makalata a lamya mu Pittsburgh. Poopa kuti angamcotse cifukwa cosadziwa mzinda, analoweza pamtima maina a miseu ndi a masitolo onse motsatana. M'mawa uli wonse analikufika msanga, nayesa makina a lamya eni ace asanabwere, mpaka anaphunzira kumva mau a pa lamya ndi khutu lokha, cinthu cimene anthu owerengeka okha analikucidziwa nthawi imeneyo.

Koma cinthu cimodzi cinamsowa, ndico mabuku. Ndalama zace zonse analikupereka kwa amai ace, ndipo panalibe yotsala yogulira buku. Tsono mu Allegheny munali munthu wina dzina lace Colonel James Anderson, amene anali ndi mabuku ngati 400 m'nyumba mwace. Munthu ameneyu analengeza kuti anyamata a pa nchito akhoza kubwera Loweruka liri lonse kudzabwereka buku limodzi, nalisunga sabata lathunthu, nadzasinthanso ndi lina. Iye mwini ndiye analikuwapatsa mabukuwo ndi manja ace. Andrew analikuyembekeza tsiku la Loweruka monga mlimi ayembekeza mvula yoyamba. Buku analikuyenda nalo m'thumba, ndipo akapeza kamphindi kopuma pa nchito analikulitsegula. Motero anaphunzira mbiri ya maiko ndi ya anthu ochuka, zinthu zimene sakanazimva kwina kuli konse.

Patapita nthawi mabuku aja anaonjezedwa, naikidwa m'manja mwa anthu ena kuti awayang'anire. Iwowa anaika lamulo lakuti obwereka mwaulere akhale anyamata okhawo amene anacita pangano lophunzira nchito ya manja kwa mmisiri. Ena onse alipire madola 2 pa caka. Andrew sanali wa pangano lotere, ndipo lamulolo linamtsekera kunja. Sanapite kukalongolola pakhomo pa woyang'anira mabuku, komanso sanangokhala cete. M'caka ca 1853, ali ndi zaka 17, analemba kalata ku nyuzipepala ya Pittsburgh Dispatch, nafotokoza kuti mwini mabuku anawapereka kwa anyamata onse a pa nchito. Woyang'anira uja anayankha m'nyuzipepala momwemo, Andrew nalembanso kaciwiri, ndipo pomaliza lamulolo linasinthidwa. Zimenezi sanaziiwale moyo wace wonse, ndipo anatsimikiza mumtima kuti akadzapeza cuma, adzatsegulira anyamata ena osauka khomo lomwelo.

M'caka comweco ca 1853 Thomas Scott, mkulu wa pa kampani ya njanji ya Pennsylvania, anamtenga kuti akhale mlembi wace ndi womtumizira mau pa lamya. Andrew anakwera msanga pa nchito, ndipo m'caka ca 1859 anakhala woyang'anira cigawo conse ca njanjiyo ca ku Pittsburgh. Ndalama zimene anasunga anaziika m'makampani ena, ndipo zinabala zinzace. M'caka ca 1865 anasiya nchito ya njanji nayamba zace. Anaona kuti milatho ya mitengo irikupsya ndi kuola, ndi kuti njanji za citsulo wamba zirikutha msanga. Cotero anamanga ng'anjo zazikulu zoyengera citsulo colimba, ndipo yoyamba inayamba nchito ku Braddock m'caka ca 1875. Citsulo cace cinamanga njanji, milatho ndi nyumba zazitali, ndipo mwana wa woomba nsalu uja anasanduka mmodzi wa anthu olemera koposa pa dziko lonse.

Pano tiyenera kunena zoona, pakuti mbiri ya munthu siikhala ya zabwino zokhazokha. Cuma cimeneci cinacokera m'thukuta la anthu zikwi zambiri. Ambiri a iwo analikugwira nchito maola 12 pa tsiku pafupi ndi moto woopsa, ndipo malipiro ao anali ocepa. M'caka ca 1892 kampani yace inafuna kucepetsa malipiro pa ng'anjo za ku Homestead ndi kuthetsa cigwirizano ca anchito. Anchito atakana, woyang'anira kampaniyo, Henry Clay Frick, anawatsekera kunja, naitanitsa alonda 300 a mfuti amene anabwera pa mtsinje m'mabwato. Pa 6 July panabuka nkhondo, ndipo anafa anthu osacepera 10. Carnegie anali ku Scotland masiku amenewo, koma anali atabvomereza kale kuti cigwirizanoco cithetsedwe. Anchito anagonja. Pambuyo pace iye analemba kuti palibe cinthu cina cimene cinampweteka mtima monga cimeneci, koma anthu ambiri sanamkhululukire. Mizinda yina inakana mphatso zace, ndipo anchito ena analikufunsa kuti munthu wogwira nchito maola 12 angapeze kuti nthawi yowerenga buku. Funso limeneli linali lolungama.

Ngakhale zinali tero, lonjezo la pa ubwana wace analisunga. M'caka ca 1889 analemba nkhani yophunzitsa kuti munthu wolemera ali ngati kapitao wosungira anthu cuma, ndi kuti ncamanyazi kufa ali cigwirire cuma cace conse. Laibulale yace yoyamba anaipereka kwao ku Dunfermline. Amai ace ndiwo anaika mwala wa maziko m'caka ca 1881, ndipo nyumbayo inatsegulidwa m'caka ca 1883. Zinatsatira za ku Braddock m'caka ca 1889, ku Allegheny m'caka ca 1890, ndi yaikulu ya mu Pittsburgh m'caka ca 1895.

Koma Carnegie anakumbukira kuti mnyamata wotopa ndi nchito sangayende ulendo wautali kukafuna buku. Buku liyenera kumtsata kumene akhala. Cifukwa cace anapereka ndalama zomangira nthambi m'madera a Pittsburgh mmene munali kukhala anchito. Nthambi yoyamba inatsegulidwa ku Lawrenceville m'caka ca 1898, ndipo inali ndi zinthu ziwiri zacilendo. Coyamba, mabuku anaikidwa poyera. Kale m'malaibulale ambiri mabuku analikukhala kuseri, ndipo munthu analikuchula dzina la buku, mlembi nakamtengera. Koma muno munthu analikuyenda yekha pakati pa mabuku, nawagwira, nasankha limene walikonda. Caciwiri, munali cipinda ca ana okhaokha. M'nthambi za mu Pittsburgh munayambanso mwambo wosonkhanitsa ana pa nthawi yoikika kuti awasimbire nthano, monga acitira agogo athu madzulo pamoto. Ndipo nthano ikatha, ana analikupempha buku mmene munacokera nthanoyo.

M'caka ca 1901 Carnegie anagulitsa kampani yace kwa J. P. Morgan pa mtengo wa madola 480 miliyoni, naleka malonda. Caka comweco anapatsa mzinda wa New York madola 5,200,000 kuti amangire nthambi 65. Yoyamba ya izo, ya ku Yorkville, inatsegulidwa m'caka ca 1902. M'nthambi zimenezi munalowa anthu ambiri ocokera ku maiko ena, osauka monga analiri iye pofika, ndipo ambiri anaphunziramo kuwerenga Cingelezi.

Carnegie sanali kupereka mphatso zace wamba. Mzinda wofuna laibulale unayenera kulonjeza zinthu zitatu: kupereka malo omangapo, kutsegulira anthu nyumbayo mwaulere, ndi kupereka caka ciri conse, kucokera m'msonkho, gawo limodzi la magawo khumi a mtengo wa nyumbayo. Ndiko kuti, nyumba ikamangidwa ndi madola 10,000, mzinda unayenera kupereka madola 1,000 pa caka ogulira mabuku ndi kulipira anchito. Anacita tero podziwa kuti cinthu cimene anthu sanacibvutikire sacisamala.

Koma si anthu onse amene analandiridwa. M'zigawo za kumwera kwa United States munali malamulo a tsankho, ndipo anthu akuda analikuletsedwa kulowa m'malaibulale ambiri. Carnegie sanaumirize mizindayo kuleka tsankholo, ngakhale kuti m'malo ena anapereka ndalama zomangira anthu akuda nyumba zaozao. Ku Louisville nthambi yotere inalowa m'nyumba yace yatsopano m'caka ca 1908, ndipo oiyendetsa anali anthu akuda okhaokha. Ku sukulu ya Tuskegee, imene mkulu wace anali Booker T. Washington, anapereka madola 20,000, ndipo ophunzira eni ace anaumba njerwa namanga laibulaleyo ndi manja ao.

Kuyambira 1883 kufikira 1929 ndalama zace zinamanga malaibulale 2,509. Mwa amenewa 1,689 anamangidwa mu United States, 660 ku Britain ndi Ireland, 125 ku Canada, ndi ena ku Australia, New Zealand, South Africa ndi maiko ena. Ndipo m'caka ca 1904 anaimika cikumbutso ca Colonel Anderson pafupi ndi laibulale ya ku Allegheny, kuti anthu asaiwale kumene zonsezi zinayambira.

Andrew Carnegie anamwalira pa 11 August 1919 ku Lenox, m'cigawo ca Massachusetts, ali ndi zaka 83. Pofika tsikulo anali atapereka madola ngati 350 miliyoni, ndilo gawo lalikulu la cuma cace. Zambiri za nyumba zimene anamangitsa zikali ciimire, ndipo m'zina ana akali kubwereka mabuku kufikira lero.

Akulu athu amati kupatsa nkuika. Colonel Anderson analibe cuma conga ca Carnegie. Anali ndi mabuku 400 ndi tsiku limodzi pa sabata, ndipo sanadziwe kuti mmodzi wa anyamata aja adzakhala yani. Inu ana, kapena pa sukulu panu pali kabati kamodzi kokha ka mabuku, kapena bokosi limene aphunzitsi amatsegula tsiku limodzi pa sabata. Musalipeputse. Bwerekani buku, muliwerenge mpaka kumapeto, mulisunge losang'ambika ndi losada, ndipo mulibweze pa tsiku lace, pakuti mnzanu alikuliyembekeza.

MAFUNSO

1. Cifukwa ninji banja la Carnegie linacoka ku Scotland?
2. Kodi Andrew anacita ciani pamene lamulo latsopano linamletsa kubwereka mabuku?
3. Chulani zinthu zitatu zimene mzinda unayenera kulonjeza usanalandire laibulale.
4. Kodi nthambi ya laibulale ithandiza bwanji anthu okhala kutali ndi pakati pa mzinda?
5. Cifukwa ninji anthu ena anakana mphatso za Carnegie? Inu muganiza bwanji?