Daniel Kachamba, mwini gitala ya ku Chileka

Amene tidakulira kuno ku Champhira m'zaka za m'ma 1970 tidayamba kumva gitala ya malemu Daniel Kachamba tisanadziwe n'komwe kuti Chileka ali mbali iti. Wailesi m'mudzi mwathu idali imodzi, ya malume amene adaigula ku Harare, ndipo madzulo inkaikidwa pa mpando ngati mlendo, ife ana titakhala pansi. Chitumbuka chidali chitachotsedwa pa MBC m'chaka cha 1968, choncho Chichewa chathu choyamba tidachitola m'kalasi ndi m'nyimbo. Mwa aphunzitsi athu a Chichewa, amene sankatikwapula adali a Kachamba okha.

A Daniel Kachamba adabadwira ku Limbe m'chaka cha 1947. Bambo awo, a James Kachamba, nawonso adali munthu wa zoimbaimba. Monga mabanja ambiri a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, banjali lidapita ku Salisbury, kumene lero timati Harare, kutsata ntchito. Ife a ku Mzimba ulendo umenewu timaudziwa bwino, pakuti m'midzi mwathu ndi nyumba zowerengeka zimene sizidaperekezepo munthu wopita ku Harare kapena ku Joni. Ena ankabwerako ndi njinga, ena suti ndi galamafoni, ena osabwerako konse. Ana a Kachamba adabwerako ndi kwela.

Kwela idabadwira m'makomboni a Johannesburg. Anyamata osauka, amene sakadatha kugula malipenga a oimba jazi a ku America omwe ankawaona m'kanema ndi kuwamva pa mbale za galamafoni, adatenga zitoliro zachitsulo zotsika mtengo n'kuyamba kuzilizitsa ngati malipengawo. Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso adatchuka nazo, ndipo mu 1958 nyimbo ya kwela yotchedwa Tom Hark idagulidwa kwambiri ku Britain. Mkati mwa kwela mudali jazi ndi blues, nyimbo za zidzukulu za akapolo a ku Africa, zimene zidaoloka nyanja kubwerera kwawo zitavala malaya ena. Izi ndi zimene Daniel ndi mng'ono wake Donald ankamva m'misewu ya Salisbury ali ana.

Banjali litabwerera kumudzi kwa Singano, pafupi ndi Chileka, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, anyamatawa adasonkhanitsa anzawo n'kupanga gulu. Zida zawo mukadaziona mukadaseka: gitala, chitoliro, maseche, ndi babatoni wa nsambo imodzi yomangidwa pa bokosi. Holo yawo idali msewu, msika ndi khonde la sitolo mu Blantyre ndi Limbe, malipiro awo adali makobidi amene odutsa ankaponya. Koma msewu ndi mphunzitsi wankhanza. Munthu wa m'holo walipira kale, adzakhala pansi ngakhale nyimbo izizire. Wa mumsewu ali pa ulendo wake, ndipo ukapanda kumugwira mtima pa kamphindi koyamba, wapita. Ine ndimakhulupirira kuti luso la a Kachamba lidasulidwa pamenepo, pa ntchito yoimitsa anthu amene sadabwerere iwo.

M'chaka cha 1967 m'modzi mwa oimitsidwawo adali mzungu wa ku Vienna, Gerhard Kubik, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa. Adawapeza akuimba mu Blantyre, Daniel ali ndi zaka 20, Donald akadali kamnyamata koliza chitoliro chitapendekeka m'kamwa monga amachitira a kwela. Kubik adawajambula mawu ndi kanema yemwe, ndipo mu 1974 buku lake lonena za gululi, The Kachamba Brothers' Band, lidasindikizidwa kudzera ku yunivesite ya Zambia. Taganizani, abale anga: chaka chomwecho cha 1967, ku London achinyamata ankadzaza maholo kukamvera magitala a blues. Eric Clapton adali ndi gulu la Cream, Peter Green adali atangoyambitsa Fleetwood Mac, Jimi Hendrix akuzunguza mitu ya anthu. Onsewo ankatunga pa chitsime chimodzi ndi anyamata a kwa Singano. Kusiyana kwake kudali kwakuti awo adali ndi magetsi, zokuzira mawu ndi makampani a zimbale, pamene athuwa adali ndi bokosi ndi nsambo imodzi.

Kodi chidali chiyani m'zala za a Kachamba chimene chidachititsa akatswiri a kunja kulemba mabuku? Amene mudamvetserapo nyimbo zimene ankaimba okha mukudziwa kuti khutu limakunamiza, umayesa kuti akuimba ndi anthu awiri kapena atatu. Chala chachikulu chinkayenda pa nsambo zazikulu ngati ng'oma yoyendetsa gule, chala chamkombaphala chikuseweretsa nsambo zazing'ono, ndipo mawu awo ankalowa pakati, nthawi zina kutsogola, nthawi zina kutsalira dala. Kalumikizidwe kotere sikadachokere ku Ulaya ayi. Ndi kamene timakamva pa mangolongondo, pamene awiri akhala moyang'anizana, wina kumenya m'mipata imene mnzake wasiya. A Kachamba adatenga nzeru ya makolo imeneyi n'kuiika m'dzanja limodzi. Ankachunanso gitala m'njira zingapo, malinga ndi nyimbo, osadzimangirira pa kachunidwe ka m'mabuku.

Sadakhazikike pa kwela yokha. Adaimba sinjonjo, adaimbanso lumba, imene idafika kuno kudzera ku Congo ndi ku East Africa. Nyimbo yawo ya Dolosina Lumba ndi umboni. Pa zonsezi ankaikapo Chichewa cha m'mudzi, nkhani za ukwati, umphawi, ulendo ndi kaduka, zonenedwa mwanthabwala koma zoluma. Mu 1972 abale awiriwa adakwera ndege kukaimba ku Ulaya, ndipo mafilimu oonetsa kaimbidwe ka a Daniel adasungidwa ku Göttingen, m'dziko la Germany, kuti ophunzira azitha kuonetsetsa m'mene zala zinkayendera. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mpaka lero Amalawi amawatchula kuti Dr. Daniel Kachamba.

Pano ndiyenera kuulula kanthu, popeza ife a mipingo nkhaniyi imatikhudza. Pamene azungu ankajambula zala za a Kachamba, ife kuno gitala tinkaiona ngati chida cha m'mabala. Malume anga aja, pamodzi ndi wailesi, adabweranso ndi gitala, ndipo adaitanidwa pamaso pa akulu a mpingo chifukwa choiliza paukwati. Adaipachika kudenga mpaka nsambo zidachita dzimbiri. Chodabwitsa n'chakuti pafupi pomwepa, ku Embangweni, m'busa Donald Fraser, amene adakhazikitsa siteshoni ya Loudon mu 1902, ankalimbikitsa Angoni kupeka nyimbo zachikhristu m'mayimbidwe a makolo awo, ndipo anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula adatisiyira chuma chimene tikuimbabe. Agogo athu adalandira mayimbidwe a ingoma m'chalichi, ife zidzukulu tidachita mantha ndi nsambo zisanu ndi imodzi. N'zoona kuti malo ambiri amene oimba a nthawiyo ankapezako chakudya adali a mowa, ndipo ambiri adawonongekera komweko. Koma nanga ndani adawatsekulira khomo lina? Lero palibe kwaya ya achinyamata imene simungamvemo gitala, ndipo kawirikawiri imalira m'mapazi a Kachamba, oimbawo osadziwa.

M'kupita kwa nthawi abale awiriwa aliyense adatsata njira yake. A Donald adapitiriza ndi gulu la kwela, akuyenda maiko ambiri limodzi ndi Kubik, amene adasanduka woliza nawo m'gululo. A Daniel adadziwika kwambiri poimba okha ndi gitala yawo. Ulemu adaupeza, koma chuma chofanana ndi ulemuwo sadachione, pakuti nthawi imeneyo kuno kudalibe bungwe lotolerera oimba ndalama nyimbo zawo zikaulutsidwa. COSOMA idakhazikitsidwa mu 1992, iwo atagona kale. Adamwalira pa 25 July 1987 ali ndi zaka 40 zokha. Akuluakulu adati ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika.

Chimene chimandiwawa n'chakuti amene adawaonapo a Kachamba akuimba maso ndi maso akutha, ndipo onse amanena chimodzimodzi, kuti kaseti idangogwirako mthunzi. Zambiri zojambulidwa bwino zidasungidwa ku Ulaya. Mu 1995 kampani ya ku America idatulutsa kanema wa Kubik wotchedwa African Guitar, m'mene a Kachamba ali pamodzi ndi Mwenda Jean Bosco wa ku Congo, ndipo oimba magitala a kutali adaphunzira zala zawo pamenepo, mwana wa ku Champhira asanaonepo nkhope yawo.

A Donald adamwalira mu January 2001, atabwerako kophunzitsa kwela ku yunivesite ya California ku Los Angeles. Chaka chomwecho Chileka adaikanso m'manda Evison Matafale, amene adasiya gulu la Black Missionaries kwa Singano komweko. Mwezi wathawu, ndikudikira minibasi pa Jenda, ndidamva gitala ija ikulira m'foni ya mnyamata wogulitsa mbatata. Nditamufunsa kuti akuimbayo ndani, adanditchulira dzina molondola, n'kuonjezera kuti adali dokotala wa kuchipatala.