David Marine, dokotala yemwe adalimbana ndi chithokomiro

David Marine adabadwa mu 1880 ku Maryland m'dziko la America ndipo adamaliza maphunziro audokotala ku Johns Hopkins mu 1905. Atayamba ntchito mumzinda wa Cleveland, mkuluyu adadabwa kuona anthu, ngakhalenso agalu ambiri, ali otupa pakhosi. Kafukufuku wake pa nyama adatsimikiza kuti chithokomiro chimatupa thupi likasowa ayodini.

Mu 1917, iye ndi mnzake O. P. Kimball adayamba kupereka ayodini kwa atsikana apasukulu mumzinda wa Akron. Mwa atsikana oposa 2,000 omwe adalandira, asanu okha ndiwo adatupa khosi, pomwe pa gulu lomwe silidalandire adatupa pafupifupi 500. Pofika 1924, mchere wothira ayodini udayamba kugulitsidwa ku America.

Marine adamwalira mu 1976, koma nzeru yake idafika kuno kwathu: mu 1995 dziko la Malawi lidakhazikitsa lamulo lothira ayodini mumchere. Choncho mayi akamagula mchere pamsika wa Mchinji kapena Kamwendo, ayambe waonetsetsa kuti ndi wa ayodini, pakuti kusowa kwake kumaononganso ubongo wa mwana akadali m'mimba.